Paipi ya Atate

Atate sanasiye zambiri.
Vaisi ya dzimbiri, macheka a zitsulo oguluka mano,
tinyumba tiwiri topenyana kuno ku Mchini,
ndi paipi imodzi yoyera ya mamita sikisi
imene inagona zaka kuseri kwa khola,
kudikira madzi amene sanafike.

Zelipa anati, “Duleni pakati, achimwene,
aliyense anyamule chake, tisaonerane m’maso.”
Kuyambira pa maliro paja
tinkangolankhulana kudzera mwa ana.

Kudula chopingasa n’kosavuta,
ndi mwana yemwe akhoza.
Koma zidutswa ziwiri zazifupi
zikanafika pati pa denga?
Ndinati, “Iyayi. Tiing’ambe m’litali.”

A Njobvu owotcherera zitsulo anandibwereka girayinda,
magetsi n’kuthima ndisanaigwire n’komwe.
Ndiye ndinabwerera ku macheka a atate.

Ndinakhoma mathabwa awiri, paipi n’kuigoneka pakati
kuti isagubuduke.
Chingwe ndinachipaka makala,
msomali uku, msomali uko,
kukoka, kusiya, thwa!
Mzere wakuda unagwa pamsana pake,
wowongoka kuposa mawu onse
amene tinalankhulana chaka chino.

Chigawo choyamba chinayenda bwino.
Kenako paipi inakana.
Pomwe ndacheka inkadzitsekanso,
kupana macheka, kuwaluma,
ngati ikukumbuka kuti inabadwa yobulungira.
Ndikakankha, tsamba lipinda.
Ndikakoka, vaisi ilira.
Thukuta linatsikira m’maso,
utuchi woyera n’kumata m’manja.

Sindinamuitane.
Ndinangoona mapazi ake pafupi ndi benchi,
patapata wodukayo womangidwa ndi waya.
Anatola kathabwa, n’kukalowetsa m’mng’alu,
paipi inayasama pang’ono,
macheka n’kupuma.
“Chekani,” anatero. Mawu amodzi basi.

Tinayenda choncho mpaka dzuwa litapendeka ku Kanjala,
ine patsogolo ndi macheka,
iye pambuyo kusuntha kathabwa,
njinga za kabaza zikulira mabelu mumsewu,
mwana wa a Njobvu akutizonda pa mpanda.
Titaitembenuza kuti tiyambe mbali inayo
tinagundana zigongono.
Palibe anapepesa, palibe anasuntha.

Itatseguka, tonse tinasuzumira.
M’kati mmene simunaonepo dzuwa
munali zisa za mavu zouma,
chikopa cha buluzi,
ndi kapepala kopindidwa kanayi,
lisiti ya ku Down Shops,
inki itafufuma, dzina la atate lokha likuwerengeka.
Zelipa anakapukuta pa chitenje
n’kukabisa pachifuwa.

Koma dzanja langa silinali chingwe.
Cha kumapeto macheka anapatuka pa mzere,
theka lina linatuluka lakuya,
lina losaya ngati mbale ya mlendo wosafunika.
Ndinazigoneka pansi moyandikana
n’kudikira kuti mlandu uyambe.

Iye anapalasa m’mphepete ndi chala,
nati, “Pano mpakuthwa, pitanipo ndi tupa.”
Kenako anakoka losayalo.
“Denga langa n’laling’ono.
Kwanu kuli ana asanu, ndi nkhuku zija.”

Tinazimanga ndi waya kunsi kwa malata,
kupendeketsa pang’ono cha ku migolo.
Masabata atatu zinangotola fumbi
ndi masamba a mango.

Usiku wa Lachiwiri mvula inatsika kuchokera ku Mwami.
Ndinadzuka ndi tochi.
Madzi ankathamanga m’theka langa,
mgolo ukuyankha ndi mawu okulirakulira.
Kutsidya kwa bwalo tochi ina inayaka.
Theka lake linkasefukira pamene dzanja langa linalakwa,
madzi akumugwera paphewa,
iye atatchera ndowa pomwepo, akuseka.

“Achimwene!” anakuwa pakati pa phokoso la malata,
“mukhota ngati atate!”

M’mawa ndinapita ndi waya ndi pulayala
kukakweza mbali yosefukirayo.
Ndinapeza tiyi ali kale pa benchi,
makapu awiri.